Tsiku limene adzukulu anaika makasu pansi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Chimene chinandigwera ine si matenda kapena umphawi iyayi. Ndinatsala pang'ono kusowa wondikumbira manda a mkazi wanga.

Kwa zaka zambiri ndinali mkulu woyendetsa kampani ina ku Blantyre. Foni inkalira kuyambira m'mamawa, misonkhano osatha. Kumudzi kukagwa maliro ndinkangotuma dalaivala ndi envelopu ya chipepeso ndi thumba la ufa, n'kumadziona ngati munthu wabwino kwabasi. Nditapuma pa ntchito, ine ndi mayi akunyumba tinabwerera kwawo kwa Mposa, kumene tinamanga nyumba ya mpanda. Foni ija inangoti zii. Ndinkadzuka, kumanga taye, kukhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, osadziwa chimene ndikukhalira ndi moyo. Komabe kumaliro sindinkapita, ndinkanamizira kuthamanga kwa magazi.

Kenako mayi anadwala masiku anayi okha n'kundisiya. M'mawa wa tsiku loika, adzukulu anafika kumanda, anaika makasu pansi, n'kukhala pamthunzi. Mtsogoleri wawo ananena mosabisa kuti, "Abwanawa ife sitiwadziwa, timadziwa galimoto lawo. Auzeni atume envelopu ija idzakumbe."

Ndinapsa mtima, ndinafuna kuwakalipira monga ndinkachitira ku ofesi. Koma ndikanachotsa ntchito ndani? Dzuwa linakwera, thupi la mkazi wanga lili m'nyumba, amayi atasasa mawu ndi kuimba. Ndinapita kumandako, ndinavula jekete n'kutola khasu. Kwathu kuno mwamuna sakumba manda a mkazi wake, koma ine ndinakumba, anthu akundiyang'ana. Nthaka ya m'chilimwe inali gwa. Manja anatuluka matuza, matuza n'kuphulika, dzenje lisanafike ndi m'mawondo momwe. Ndinagwada momwemo n'kulira mokweza. Ndinati, "Ambuye, wolakwa ndine, osati iyeyu. Musalole kuti anyozeke chifukwa cha ine."

Amene anatsikira m'dzenjemo anali Che Amidu, nkhalamba ya Chisilamu yokonza njinga, munthu amene ndinali ndisanamupatsepo moni. Anandilanda khasu n'kunena kuti, "Tulukani bambo, mwamva tsopano. Maliro n'kulirana." Adzukulu ataona mkulu waimvi akukumba, anadzuka mmodzimmodzi. Mkazi wanga tinamuika madzulo a tsiku lomwelo.

Sindinama kuti zonse zinakoma. Nyumba ija ndi yaikulu ndipo ndimadya ndekha. Masiku ena ndimadzuka osafuna kuona munthu, ngakhale pemphero limandikanika. Koma uthenga wa maliro ukamveka, kaya ndi a kumpingo kaya a kumzikiti, ndimanyamula khasu langa n'kulawira. Mphamvu ndilibe, nthawi zambiri ndimangokokera dothi pambali. Anzanga amandiseka kuti ndimakumba ngati ndikusainira kalata. Malipiro palibe, koma ndi ntchito yokhayo imene ndimawerukako mtima uli m'malo.

Inu amene mukadali pa mipando ikuluikulu, kumaliro pitani ndi miyendo yanu. Inu amene mwathedwa nzeru, musaleke kulirira kwa Mulungu, amatuma munthu amene simukumuganizira n'komwe. Ine ndikumuthokoza chifukwa sabata yatha, tikuchokera kumanda, mtsogoleri wa adzukulu uja anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Madala, musamadandaule. Anu manda tidzakumba ndife, ndipo palibe adzakhale pansi."

Ndalandirapo mawu ambiri oyamikira pa moyo wanga, koma amenewa ndi amene anandiliza. Mulungu alemekezeke. Amen.