Maswiti a Chitsime Chosiya Madzi

Pasiteji ya basi ku Barmer, tauni ya m'chipululu, bambo wina wovala ovolosi ankagawira aliyense maladu, maswiti aja a pachikondwerero. Anafika pa mayi wachikulire amene anakhalira thumba la mchewere.

"Tengani, mayi, mutafune."

"Kwabadwa mwana?"

"Ayi, chitsime chathu chasiya kutulutsa madzi."

"Ndiye ukugawa maswiti? Mwana wanga, dzuwali lakulowa m'mutu?"

"N'chitsime cha mafuta, mayi. Chinayamba kulavula madzi okhaokha, mabwana n'kunena kuti achitseka, ife tizipita kwathu. Pamenepo ukwati wa mwana wanga Teeja uli pafupi."

"Ndiye munatani?"

"Tinathiramo mankhwala oterera ngati therere. Akafika pansi amaundana, n'kumata ming'alu imene madzi amadzera. Mankhwala akale ankangosungunuka, poti pansipo m'potentha ngati m'ng'anjo. Awa agwira. Mafuta ayambanso kukwera, ntchito ilipo."

"M'chipululu muno mwapeza madzi, inu n'kuwatseka pakamwa? Ine khosi linapindika ndi mitsuko."

"Ndi amchere, mayi, owira. Mutaipatsa ngamila yanu ikhoza kukutukwanani."

"Imeneyo imanditukwana ngakhale ndiipatse abwino. Koma Teejayo akwatiwa ndithu?"

"Oimba ng'oma tawauza kale."

"Basi ndidya. Bweretsa awiri."

"Linalo n'la ndani?"

"La mkulu wakunyumba. Moyo wake wonse wakhala akukumba zitsime zopanda madzi, palibe anamupatsapo switi."