Migolo ya Dizilo M'chipinda Chopanda Zenera

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1968, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo, amene ndinawaponda pamutu.

Sukulu anayamba mu 1975, koma analekeza Fomu 2 kuti adwazike mayi athu. Mu 1989 anakwatiwa ndi alamu athu, amakanika aja, amene anatsogola mu 2006.

Kuyambira 1992 malemu ankaphika pasukulu ina yogonera komweko. Mtima unkawapweteka akaona mafuta okazingira akukhuthulidwa m'ngalande. Mu 2010 anaphunzira kuwasefa ndi kuwasakaniza ndi mankhwala mpaka asanduke dizilo. Ankazungulira m'malo odyera, zigubu zili lendelende panjinga. Dizilo wawoyo ankayendetsa chigayo ndi mapampu a alimi a ndiwo zamasamba. Akunja ankawatamanda, ife abale tinkawaseka kuti ndi Mayi Zigubu.

Anamalira inu, apa pepala likundilemera. Mu 2015 mwana wanga ankamanga banja, ndipo alendo anayenera kufikira kwa malemu. Ndinawauza kuti migolo yawo ya dizilo ichoke pabwalo, ikununkha. Iwo anati, "Achimwene, mankhwalawa amafuna mphepo." Ine ndinati, "Mphepoyo ndi imene ikutichititsa manyazi." Anakunkhuniza migolo yonse kukalowetsa m'chipinda chakuseri, chopanda zenera. Ndinalonjeza kuti ukwati ukatha ndidzaboola khoma. Anandikumbutsa kawiri, kenako anasiya. Ine ndi hamala sindinafike.

Mu 2022 anayamba kutsokomola, maso akuchita nkhungu. Tinkawaseleula kuti ukalamba wafika, agule magalasi. Titapita nawo kuchipatala mu Juni chaka chino, adokotala anafunsa ngati kumene amagwirira ntchito kumapita mphepo. Malemu anandiyang'ana, n'kuyankha kuti chitseko amatsekula. Ananditchinjiriza, ali pabedi.

Anatisiya Lachitatu pa 14 Ogasiti 2024, ali ndi zaka 56. Asiya ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ife alongo awo awiri.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi ophika nawo amene sanachoke pambali pawo, ndi alimi amene mwasiya madimba kudzatikhuza. Ana inu, pamaso pa anthu onsewa, amalume anu ndinakulakwirani.

Achemwali, mzimu wanu uuse mumtendere. Ife otsala mtenderewo tiufunafuna kaye.