Unyolo wa Apolisi ndi Dzanja la Chanda

Abale ndi alongo a m'chiyanjano cha achinyamata, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndine Yotamu wa Fomu 3, wa kuno ku Chelstone. Ambiri mumandidziwa kale, ena chifukwa cha chule uja anapezeka m'mbale ya chopereka, koma lero sindikulemba za chule. Abusa andiuza kuti ndilembe umboni wa momwe Mulungu anapulumutsira dzanja la mnzanga Chanda, ndipo akuti ndiyambe ndi choonadi. Choonadi ndi ichi: amene anatenga unyolo m'galimoto ya apolisi ndine. Palibe anandituma. Chanda sankadziwa n'komwe, ndipo Satana amene amayi anga akumunamizira sanali pafupi. Nzeru zake zinali zanga ndekha.

Linali Loweruka m'mawa. Mbiri inamveka yoti ku sitolo ya boma kwafika sopo ndi mafuta ophikira aja timati saladi, ndiye amayi anandithamangitsa kuti ndikagwire malo pamzere. Ndinapeza mzere utakhota kale mpaka kuseri kwa msika. Anthu atayamba kukankhana, anyamata a chipani analephera kuwaletsa, ndipo posakhalitsa kunafika galimoto ya apolisi. Apolisi awiri anatsika mothamanga ndi zibonga, kusiya windo lakutsogolo lili chitsegukire. Pampando panali chipewa, tochi, ndi unyolo wa m'manja uja amamangira akuba, ukung'anima padzuwa. Ndikanena kuti ndinalimbana ndi mtima wanga ndiye kuti ndikunama m'nyumba ya Mulungu. Dzanja linalowa, linatuluka, unyolo uli m'juzi. Za saladi sindinaziganizirenso.

Amene simumudziwa Chanda, ndi mnyamata wamtali uja ankaimba gitala m'kwaya yathu. Makolo ake ndi a ku Kasama, ine kwathu ndi ku Katete, ndiye mukudziwa chimbuya chimene chili pakati pa Abemba ndi ife a kum'mawa. Iye amanditcha wodya mbewa, ine ndimamutcha wodya kolwe, ndiye kuti anyani. Lamulo la chimbuya ndi limodzi: mbuya wako akakuchita chipongwe, sukwiya. Ine lamulo limeneli ndinalikama ngati ng'ombe. Ndinamuthirirapo mchere m'tiyi, ndinamubisirapo nsapato tsiku la ubatizo wake, iye n'kumangoseka.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba yawo akuyanika malaya a sukulu.

"Shani mune," anandilonjera m'Chibemba. "Saladi ili kuti?"

"Iwe wakudya kolwe, wamangiwa," ndinatero ine. "Mulandu wako ni wakusiliza anyani a boma."

Ndinamutsekera padzanja lamanja, kwete! Mbali inayo ndinaitsekera padzanja langa lamanzere, pamwamba pa mkono wa juzi, monga amachitira ofufuza milandu m'mafilimu. Tinaseka mpaka misozi. Ndinamuzunguza pabwalopo ndikumufunsa kumene anabisa michira, iye akulira mwabodza kuti, "Bwana, nikhululukileni, inali njala." Mpaka pano ndikakumbukira gawo limenelo ndimaseka, ndipo Abusa andikhululukire, linali labwino.

Kenako anati, "Manje chosa, nifuna kuyenda ku kwaya." Ndinayamba kufufuza kabatani kotsegulira, poti ndinkaganiza kuti kalipo. Panalibe kabatani. Panali kabowo kakang'ono ka kiyi, ndipo kiyiyo inali m'thumba la wapolisi ku sitolo kuja.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandidya mumtima kuposa kubako. Unyolo umenewu uli ndi mano m'kati. Ukaukanikiza umalowa, koma subwerera. Ine sindinkadziwa. Ndinatola mwala, ndinati tiyambe mbali ya Chanda kuti iye amasuke msanga, tinaika dzanja lake pa njerwa, ndinayamba kumenya. Ndikamenya, dzino lilowe. Ndikamenyanso, lina lilowe. Chanda anangoluma mlomo, chifukwa mbuya sadandaula. Akanakhala munthu wina akanandimenya khofi pa mwala woyamba, ndipo dzanja lake likanapulumuka. Ndinasiya nditaona kuti chitsulo chamira m'khungu ndipo zala zayamba kufufuma ngati mabanzi.

Tinaphimba manja athu ndi thaulo, tinauyamba wopita kwa bambo wina wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Anatukula thaulo, anaona chidindo cha boma pachitsulopo, anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka.

"Aka ni katundu wa boma. Mufuna nikagone mu selo? Chokani apa, ine sininakuoneni."

Sindimuimba mlandu. Masiku ano munthu sudziwa amene akukumvetsera, ngakhale wogulitsa tomato atha kukhala shushushu, kazitape wa boma. Ndinauza Chanda kuti tingopita ku kiliniki, koma anakana. Anati anamwino akaitana apolisi, abambo ake achotsedwa ntchito ku unduna, ndipo nyumba imene amakhala ndi ya boma. "Tizayenda kuti na bana bonse baja?" anatero, kunena azing'ono ake. Bambo anganso ndi kalaliki wa boma, nyumba yathu nayo ndi ya boma. Ndinazindikira kuti sindinamange manja awiri okha.

Tinayendayenda m'tinjira ta kuseri, kuthawa aliyense wotidziwa. Dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kupendeka. Ndikasuzumira pansi pa thaulo ndinkaona dzanja likusintha mtundu, kuchoka pofiira mpaka kuda ngati biringanya. Poyamba Chanda ankabuula ndikaponda molakwika n'kumukoka. Kenako anasiya. Ndinaganiza kuti mwina zikukhala bwino, mpaka pamene ananena motsitsa mawu kuti, "Yotamu, sinizimvela zala." Sananditche wodya mbewa. Ananditchula dzina langa lenileni. Ndinaona m'maganizo mwanga madokotala akulidula dzanjalo, ndinaona gitala uja atapachikidwa pakhoma, ndinaona Chanda akuphunzira kulemba ndi lamanzere mayeso atayandikira.

Miyendo inatifikitsa kuseri kwa tchalitchi chathu chino, pansi pa mtengo wa mango uja. Sitinapite kukapemphera, tinapita chifukwa Loweruka masana kumakhala kopanda anthu. Koma nzeru zanga zonse, zimene ndimanyadira, zinali zitatha. Ndinagwada, ndipo poti tinali omangana, nayenso anagwada. Ine m'mapemphero a chiyanjano ndimatsinzina diso limodzi lokha, mukudziwa. Tsiku limenelo ndinatsinzina onse. Ndinati, Ambuye, dzanja limene laba ndi langa lamanjali, ndipo lili bwinobwino, silinamangidwe n'komwe. Ili likufali silinabe kanthu, limakuimbirani nyimbo. Konzani zimenezi.

Abale, Mulungu akayankha satumiza munthu amene iwe ukanasankha. Ndisananene ameni ndinamva makiyi akulira, ndipo nditatsegula maso ndinaona ba Sajeni ataima ndi tsache. Kwa alendo, ba Sajeni ndi bambo wachikulire uja amasesa ndi kutseka tchalitchi. Anali wapolisi asanapume pantchito, ndipo mpaka lero amayenda chiwongokere ngati ali pa perete. Ana a Chelstone akamuona amakuwa kuti "Lefiti! Raiti!" n'kuthawa. Amene anayambitsa zimenezo ndinenso. Mwa anthu onse a mu Lusaka, ameneyu ndiye ndinkapemphera kuti asationere.

Anatukula thaulo ndi ndodo ya tsache. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndani anamenya na mwala?"

"Ndine, ba Sajeni."

"Chipuba," anatero osakweza mawu, ndiye kuti chitsiru.

Anagwada, anayamba kusanthula mulu wa makiyi ake a tchalitchi, ndipo pakati pa makiyi a zitseko panali kakiyi kakang'ono kakuda. Akuti tsiku lopuma anabweza yunifolomu, nsapato ndi chipewa, koma kameneka palibe anakafunsa. Anakalowetsa, kanakana kutembenuka, chifukwa mwala wanga unali utapinda chitsulo. Anatinyamutsa tonse awiri mpaka m'chipinda chosungira katundu, anadontheza palafini wa m'nyali pabowopo, anayesanso, akulankhula ndi kiyiyo ngati akunyengerera mwana. Kenako tinamva kwete, unyolo unayasama.

Magazi atayamba kubwerera m'zala, Chanda anakuwa mokweza kuposa tsiku lonselo. Ba Sajeni anamugwira mutu nati, "Lila, mwana wanga. Ngati ibaba, ndiye kuti ikali na moyo." Anaitana Amayi Busa kuti athamange naye ku kiliniki.

Ine ndinatambasula dzanja langa kuti anditsegulenso. Ba Sajeni analiyang'ana, anandiyang'ana kumaso, anaponya makiyi m'thumba.

"Iwe uzayenda so."

Anagwira mbali yotsegukayo, anandikoka, ndipo sanadutse njira zakuseri. Anandidutsitsa pakati pa msika, pamaso pa mzere wonse wa saladi umene unali usanathe, akukuwa ndi mawu ake a perete, "Lefiti! Raiti! Lefiti! Raiti!" Azimayi anaimba nthungululu. Amayi anga anali pamzerepo, atabwera kudzandifuna, ndipo anaphimba nkhope ndi chitenje. Ndinaona kuti popeza ndikuguba kale, ndigube bwino, ndiye ndinakweza maondo mpaka pachifuwa.

Ku polisi tinapeza wapolisi wachinyamata, mwini unyolo, ataima panja pa ofesi ya bwana wake, thukuta lili kamukamu. Ataona chitsulo padzanja langa ndinaganiza kuti andimeza. Ba Sajeni analowa mu ofesimo n'kutseka chitseko. Zimene analankhula sindikuzidziwa, ndangomva kuti bwanayo anaphunzitsidwa kuguba ndi iwo ali mnyamata. Atatuluka, nkhani inali itasanduka ya ana. Palibe bambo amene anachotsedwa ntchito, palibe banja limene linatulutsidwa m'nyumba, ndipo wapolisi uja anangodzudzulidwa. Uku ndi kuchita kwa Mulungu, osati kwanga.

Ku kiliniki anati tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Dzanja silinadulidwe, aleluya. Koma anati mtsempha unapanikizika kwambiri, ndipo gitala mpaka lero akuimba munthu wina. Amayi ake a Chanda ndikawapatsa moni amayang'ana kumbali. Chanda mwiniwake tsiku loyamba kubwera kusukulu ndi bandeji anati, "Shani, wakudya mbewa," ngati palibe chachitika. Ndikanakonda akananditukwana. Lamba wa bambo anga sanandiwawe ngati moni ameneyo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wotsinzina diso limodzi. Ndikuthokoza ba Sajeni, ndipo ndalamula ana onse a m'dera lathu kuti wokuwa lefiti raiti aonana nane. Inu amene muli pa vuto limene munalipanga nokha, musaope kugwada poganiza kuti kumwamba akuuzani kuti munazifuna. Gwadani msanga, musanatole mwala.

Za chilango, musandimvere chisoni. Lamba ndinalandira, anatha. Loweruka lililonse ndimakatchetcha udzu ku polisi, ndipo apolisi akandiona amatseka mawindo a galimoto, zimene ndikuona kuti ndi ulemu waukulu. Aphunzitsi anagamula kuti ndizimulembera Chanda manotsi onse mpaka dzanja lichire, koma chilango chimenecho chagwera iye, chifukwa zolemba zanga ngakhale ine sindiziwerenga. Tsopano akutha kugwira cholembera yekha, zala zinayi zabwerera. Chatsala chala chachikulu, chimene sichimva kanthu. M'kalasi ndimachitsina mwakabisira tsiku lililonse kuti ndione ngati Ambuye amaliza ntchito yawo. Tsiku limene adzakuwe n'kundimenya khofi, ndidzabwera kuno kudzaimba ndekha kutsogolo. Pakali pano sanakuwe. Pitirizani kupemphera.