Mlonda pa Chikwangwani cha Mabedi

Mlonda wa masana wa pa golosale anafika kwa mlamu wake, kalipentala wa khomo loyandikana, chikwapu chili m'khwapa. Pakhomo la shopu panali chikwangwani chatsopano: chithunzi cha mlonda mwiniyo ali chagada pa bedi logulitsa, atavala yunifomu, pakamwa yasa, m'munsi mwake atalembamo kuti TULO TOKOMA.

Anafunsa kuti chilolezo anapereka ndani. Kalipentala, akupala thabwa, anati iyeyo anapempha bwinobwino, kawiri konse.

"Ndinayankha chiyani?"

"Munaliza mkonono, alamu. Ine ndinati ndi eya."

Mlonda anamenya chikwapu pa benchi. Anafotokoza kuti nkhope ya munthu ili ndi malamulo ake, sungangoipachika pamsewu ngati malaya oyanika. Kalipentala anavomereza, koma anati iye anajambula bedi lake; munthuyo anam'peza ali kale pamenepo, ndipo naye sanapemphe chilolezo chogonera.

"Zimenezo zisiyeni. Ndikufuna chipukutamisozi."

Kalipentala anaika pansi chopalira, anapisa m'thumba, n'kum'patsa mpango wodzaza utuchi.

"Mbali iyi ndiye yoyera."

Mlonda anauponya pansi. Anati anthu akumukuwiza mumsewu, mkazi wake wasiya kumuyankhula, ndipo nkhaniyi aitengera kukhoti. Kalipentala anafunsa ngati atenge chikwangwani chokha kapena ndi bedi lomwe, poti bedilo lifunika ngolo.

"Ndikunena za kukusumirani, alamu. Mundilipire."

Apa kalipentala anamva. Sanakane. Anati iye ndi munthu wokonda chilungamo, kungoti sangalipire munthu wolakwika. Anatulutsa pensulo kukhutu n'kuyamba kulemba kuseri kwa katoni kuti mlonda akutsimikiza kuti wagona pachithunzipo ndi iyeyo, tsiku Lachiwiri, nthawi ya 2 koloko masana.

"Nthawiyo mukulemberanji?"

"Ili pachithunzi, foni imalemba yokha. Kwatsala mboni. Eya, abwana anu ndi awo akutsika galimoto. Ndiwakodole?"

Mlonda anatembenuka. Analidi abwana, makiyi a golosale m'manja, atapendeketsa mutu kuwerenga chikwangwani. Mlonda anakonza chipewa, anamanga batani la pakhosi, n'kupita kukaima pafupi nawo. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, manja kumbuyo, akupukusa mutu.

"Alamu," anatero mokweza ndithu, "waulesi ameneyu munam'tola kuti? Ine sindinamuonepo."