Anandikhuza maliro a bambo anga ku Wigston

Moni kwa inu nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka amene muli kutali ndi kwanu. Dzina langa ndine Tiyanjane, kwathu ndi ku Kasungu. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandidzutsira pamene bambo anga anamwalira ndili ndekha ku Leicester, nditangotha miyezi iwiri pa sukulu.

Kumudzi ndinali mphunzitsi wa sekondale, ndipo ndinapeza mwayi wodzachita digiri yachiwiri kuno ku England. Ndinkakhala ku Highfields, dera lina la mu Leicester, m'nyumba ya anthu asanu osadziwana. Aliyense ankaphika zake n'kukadyera kuchipinda. M'kalasi namo Chingerezi chimene ndinkaphunzitsa ana chinandithawa, poti anthu a kuno amayankhula mothamanga ngati akumeza mawu. Amene ankandilimbitsa mtima anali bambo. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankabwereka foni ya achimwene n'kundifunsa, "Mama, kumeneko wapezako anthu?" Ndinkanama kuti eya, ndawapeza.

Uthenga unandipeza Lachiwiri m'mawa ndikumanga nsapato. Bambo anagwa ali kudimba, ndipo pofika nawo kuchipatala n'kuti atatisiya kale. Kuika kunali mawa lake, choncho ngakhale ndikanakwera ndege sindikanawapeza. Achimwene anayesa kundionetsa mwambowo pa foni. Ndinaona bokosi likutuluka m'nyumba, kenako netiweki inathawa. Pamene inkabwerera, anthu anali akubalalika. Ndinalira nditaluma pilo kuti ndisasokoneze anzanga a m'nyumbamo.

Ndinatha masiku asanu ndi anayi osatuluka. Unali mwezi wa Novembala, folo koloko kwada kale. Ndinkangomwa tiyi ndi buledi, maimelo a aphunzitsi osawatsegula. Kupemphera kunandikanika. Mawu okha amene ankatuluka anali akuti, "Ambuye, nditumizireni munthu mmodzi yekha." Kumwamba kunangoti zii. Tsiku lakhumi ndinaganiza zopita kuyunivesite kukawauza kuti sukulu ndaisiya, ndikubwerera kwathu.

Ndinavala jekete, koma m'chiuno ndinamanga chitenje ndipo kumutu ndinavala duku, monga timachitira kwathu pa zovuta. Pa siteji ya basi panali mayi wina wachikulire, yunifolomu ya unesi ikuonekera mkati mwa jasi lake. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako anasendera pafupi.

"Mwana wanga, kwagwanji?"

Abale, chifikireni ndinali ndisanamve Chichewa kuchokera pakamwa pa munthu amene ndikumuona ndi maso. Ndinangoti, "Amayi, bambo anga," basi kulira. Iwo anandigwira pamapewa, mabasi awiri anadutsa osawaimitsa. Anali Mayi Gondwe, ochokera ku Rumphi, ndipo ankaweruka ku shifiti atatopa. Atamva zonse anandifunsa funso limodzi: "Nanga alipo amene wakukhuza?" Ndinapukusa mutu. Za sukulu anangoti ndidikire kaye mpaka Lolemba. Anatenga nambala yanga, n'kundiperekeza mpaka pakhomo.

Loweruka masana anabwera ndi galimoto n'kunditengera kwawo ku Wigston. Nditalowa ndinaima pakhomo osakhulupirira. Mipando anali ataikankhira kukhoma, ndipo azimayi oposa khumi anali atakhala pansi pa kapeti, onse mu zitenje. Ena anali a ku Zambia, ena a ku Zimbabwe, ambiri anamwino ndi osamalira okalamba, ndipo ena anachita kusinthana mashifiti kuti abwere. Azibambo anakhala chakukhitchini. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankawadziwa bambo anga. Anandikhazika pakati, mayi wina n'kuyambitsa nyimbo chapansipansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalira mokweza osaopa khoma.

Nyimbo zitatha, Mayi Gondwe anati, "Tiuze, anali munthu wotani?" Ndinawauza mmene bambo ankandikwezera pa njinga kupita kusukulu mvula ikagwa, ndi mmene ankadzitamira pa msika kuti mwana wawo amaphunzitsa Chingerezi, chonsecho iwo ankangodziwa "gudu moning'i". Anthu anaseka, nanenso ndinapezeka ndikuseka misozi ili m'masaya. Tsiku limenelo m'pamene mtima wanga unavomera kuti bambo apitadi.

Lolemba Mayi Gondwe anandiperekeza kuyunivesite. Ine sindinkadziwa kuti wophunzira akaferedwa amatha kupempha nthawi yowonjezera. Aphunzitsi anga anandilandira mwachifundo, ndipo anati akhala akundifunafuna. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuzolowera pang'onopang'ono. Azimayi aja anandilembetsa kwa dokotala, anandionetsa kogula jekete lenileni la chisanu, n'kundiphunzitsa mabasi. Lamulungu ndinkakhala nawo kutchalitchi. Sikuti chisoni chinatha msanga ayi. Masiku ena ndinkatuluka m'laibulale kukalirira kubafa, koma tsopano ndinali ndi owaimbira foni.

Ndinamaliza sukulu. Tsiku lolandira digiri, dzina langa litangoitanidwa, m'holo mmene anthu ankaomba m'manja mwaulemu munamveka nthungululu imodzi yaitali. Azungu anatembenuka. Anali Mayi Gondwe, ataimirira pamalo okhala makolo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu ochepa lija, ndipo ndikuthokoza azimayi amene analira munthu wosamudziwa chifukwa cha ine. Inu amene mwangofika kumene, ndipo mwadzitsekera m'chipinda ndi katundu wolemera mumtima, ndikupemphani musaleke kupemphera ngakhale mawu atakutherani. Tulukani panja, ngakhale maso atatupa. Sindikudziwa kuti wanu mukakumana naye pati, koma Ambuye ali ndi anthu ake m'mizinda yozizirayi. Akusungeni nonse. Ameni.