Kompyuta Itakana Kuyaka, Mawu a Bambo Ali M'kati

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene muli. Ine ndine Petulo, ndimakhala kwa Mponda kuno ku Mangochi, ndipo ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Nkopola. Umboni wanga si wa matenda kapena wa ngozi ya pamsewu. Ndi wa kompyuta yakale imene inakana kuyaka pamene mawu a malemu bambo anga anali m'kati mwake. Ndikudziwa kuti ena aseka, ndipo sindikuwaletsa.

Bambo ankatsogolera kwaya pa tchalitchi chathu kuyambira ine ndisanabadwe. Atayamba kufooka, ndinkawajambula mawu pa foni akamayimba pakhomo, nyimbo za Chichewa ndi za Chiyao zomwe. Zojambulazo ndinkazisamutsira m'kompyuta yanga ya patebulo, imene ndinaigula itatumikira kale eni ake ambiri. Foni ija inabedwa m'minibasi bambo atangomwalira kumene, choncho kompyutayo inatsala malo okhawo amene mawu awo ankapezeka. Ndinkati ndikopera pa fulashi mawa, koma mawa lakelo silinkafika.

Chaka chitatha, abale anagwirizana zomanga chiliza. Amayi sanalowerere za simenti kapena za chakudya. Anapempha chinthu chimodzi, kuti pa tsiku lovundukula chilizacho anthu adzamve bambo akuyimba. Iwo eni anali asanamvereko zojambulazo, ankati mtima wawo sunalimbe. Ndinawalonjeza kuti zichitika, chifukwa sindinkaona chovuta.

Vuto linali loti kompyutayo inkachedwa. Ukaiyatsa unkatha kukasamba n'kubwerako isanamalize kudzuka, ndipo ine ndinkafuna kusanja nyimbozo ndi kudula phokoso la m'mbali. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti ndiikemo Linux. Kwa amene simukudziwa, Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse monga mmene Windows imachitira, kungoti siilemetsa makina akale. Anati sindifunika kuchotsa Windows, ziwirizo zikhoza kukhala m'nyumba imodzi ngati mitala, ine n'kumasankha poyatsa. Za mavuto a mitala sananditchulire.

Anandipatsa fulashi yake yokhala ndi Linux, ndipo ndinatsatira zimene anandiuza. Kompyuta ikangoyatsidwa, pali tsamba lina lobisika limene umalifika podina batani msangamsanga, ndipo m'menemo muli loko woletsa pulogalamu yachilendo kudzutsa makinawo. Ndinatsegula lokoyo, ndinagawa pawiri disiki yosunga mafayilo, n'kuikamo Linux. Zinatheka bwinobwino. Poyatsa pankabwera mayina awiri, ndikasankha ili imatseguka, ndikasankha linalo imatsegukanso. Ndinapita kuntchito m'mawa mwake ndikudzitenga katswiri.

Masana a tsikulo magetsi anazima. Kwathu kuli lamulo limene amayi anaika chipsereni filiji yathu: magetsi akazima, chilichonse chizulidwe kukhoma, kuopa kuti akamabwera amabwera ndi ukali. Amayi anazungulira nyumba yonse monga mwa masiku onse, anazula wailesi, anazula tchaja, anazulanso kompyuta. Nditaweruka ndinailumikiza n'kuiyatsa. Fani inalira, koma pa sikirini panangobwera mawu ochepa a Chingerezi onena kuti sikupeza choidzutsa. Mayina awiri aja kunalibe.

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa, ndipo sizinali zambiri. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinasomeka fulashi ya mnzanga ija, nayo inakanidwa. Ndinatsegula bokosi la kompyutayo, ndinapukuta fumbi, ndinazula zingwe za disiki n'kuzibwezeretsa. Mnzanga uja nditamuimbira anati mwina pogawa disiki ndinadula pamene panali mafayilo, kenako anati netiweki ikuvuta. Za loko uja sindinaziganizeko n'komwe, poti ndinali nditamutsegula kale ndi manja angawa.

Ndinakwera kabaza ndi kompyutayo mpaka m'tauni kwa wokonza makompyuta. Anaiyatsa, anawerenga mawu aja, n'kunena kuti, "Iyi tingoifomata, bwana, ibwerera mwakale." Kufomata ndi kufufuta zonse n'kuyamba pachabe. Ndinamufunsa ngati angachotse disikiyo n'kuiwerengera pa laputopu yake, koma anati chingwe chake anabwereka mnzake wa ku Chiponde ndipo sakudziwa kuti adzabweza liti. Ndinamuthokoza, ndinanyamula katundu wanga.

Pobwerera, bokosi lili pamiyendo, ndi pamene ndinachita mantha enieni. Amisiri anali atamaliza chiliza, abale a kutali anali atayamba kufunsa za pogona, ndipo amayi ndinali ndisanawauze kalikonse. Ndinamva ngati bambo ndawaika m'manda kachiwiri, ulendo uno ndekha. Pa kabazapo ndinapemphera, ndipo pempherolo linali lalifupi. Ndinati Ambuye, kompyutayi ikhoza kufa, koma mundibwezere mawuwo. Sindinamve yankho lililonse, ndipo wakabaza anapitiriza kundifotokozera za mpira.

M'mawa mwake kunabwera Abiti Jafali, mayi wachikulire woyandikana nafe nyumba. Iwowa ndi Msilamu, koma kwathu kuno maliro ndi chiliza sizifunsa kumene munthu amapemphera, ndipo anabweretsa mpunga woti tidzaphikire alendo. Asanapume pantchito ankagwira mu labu ya chipatala, yoyeza magazi. Amayi anali kuseri akutsuka mbale, choncho Abiti Jafali anapeza ine pabalaza, bokosi lili chitsegukire patebulo.

"Che Petulo, mwaitumbula chonchi, yalakwanji?" anandifunsa.

Ndinawafotokozera zonse, mwina chifukwa ndinali nditatopa kuzisunga ndekha. Anamvetsera mpaka pamene ndinatchula zozula kukhoma, n'kundidula mawu.

"Kodi makina anuwa amasunga nthawi? Mukawazula n'kuwalumikizanso, wotchi yake imakhala yolondola?"

Ndinayankha kuti ayi. Kuyambira kale ikazulidwa inkabwerera ku chaka chakalekale, ndipo ine ndinkangokonza pamanja, ndinazolowera.

"Basi, ndi mmene ankachitira makina athu akale ku labu," anatero. "Muli kabatire m'katimo kosunga zimene mwawauza. Kakatha, mukangozula kukhoma amaiwala zonse, osati nthawi yokha ayi. Za Linaki zanuzo ine sindikuzidziwa, mwanangu, koma ngati pali chimene munawauza asanazulidwe, dziwani kuti aiwala."

Apo m'pamene ndinakumbukira loko uja. Tinasuzumira m'bokosimo tonse awiri, ndipo kabatireko kanalipo, kophwatalala ngati ndalama yachitsulo, kali pakati pa fumbi limene ndinalephera kulifikira. Ndinakatulutsa ndi nsonga ya mpeni. Abiti Jafali anakatembenuza, anawerenga nambala yake atatalikitsa mkono, kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa kamakina kawo koyezera shuga. Anatsegula kumbuyo kwake, ndipo munali kabatire kofanana ndendende. Ndinakana, ndinati moyo wawo ndi wofunika kuposa nyimbo. Anati ayeza kale m'mawa, ndipo ndikawagulire kena kusanade m'malo mowatayitsa nthawi ndi ulemu.

Ndinaika kabatireko, ndinayatsa, ndinalowa pa tsamba lobisika lija. Loko anali wotseka, ngati sindinamukhudzepo. Poika Linux, khomo lolowera ku mapulogalamu onse awiri linakhala la Linux, ndiye loko atabwerera mwakale anatsekera kunja onse, mlendo ndi mwininyumba yemwe. Disiki inalibe vuto lililonse. Ndinatsegulanso lokoyo, ndinakonza deti, ndinasunga, n'kuyatsanso. Mayina awiri aja anabwera. Abiti Jafali anati "Alihamudulilahi," ine ndinati "Ameni," ndipo palibe amene anakonza mnzake.

Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kukopera nyimbo zonse pa fulashi yanga. Nyimbo zonse zinalipo.

Ndikuthokoza Mulungu, chifukwa thandizo ndinkaliyembekezera kwa odziwa makompyuta, koma Iye analitumiza litasenza mpunga. Ndikuthokozanso Abiti Jafali, amene kabatire kawo ndinawagulira tsiku lomwelo. Kwa inu amene muli pa vuto loti aliyense akukuuzani kuti fufutani zonse muyambirenso, ndikuti musafulumire. Pempherani ngakhale pemphero lalifupi, ndipo amene wabwera pakhomo panu muuzeni zoona. Nthawi zina chimene mukuchilira sichinatayike, changotsekeredwa. Pa tsiku la chiliza bambo anayimba pa sipika ya tchalitchi, anthu analira, ndipo akwaya anawalandira nyimbo ngati kale.

Koma ine chimene ndimachikumbukira kwambiri si tsiku la chiliza. Ndi m'mawa uja, nditamaliza kukopera. Ndinafuna kutsimikiza kuti mafayilo sanawonongeke, choncho ndinatsegula imodzi mongosankha, osakumbukira kuti sipika inali yokweza. Mawu a bambo anadzaza pabalaza. Amayi analowa kuchokera kuseri, manja ali ndi thovu la sopo, ndipo anakhala pa mpando. Bambo anayimba ndime yoyamba. Pakati pa yachiwiri anasiya, anatsokomola, ndipo m'chojambulacho munkamveka nkhuku zikusokosa panja. Kenako anati, ndi mawu awo a masiku onse, "Amake Petulo, tatsekaniko chitsekocho."

Amayi anadzuka, anapita kukatseka chitseko.

Ambuye alemekezeke.