Tsiku Limene Ndinatsika M'chitsime Osayamba Ndatsitsa Nyali

Zaka zimenezo, mijigo isanafike m'midzi muno, njinga zamoto za kabaza zisanayambe kutisokosa m'misewu ya kwa Msakambewa, munthu akafuna madzi pakhomo pake ankaitana ine, Fabiano, wokumba zitsime. Musaseke. Inu ana a masiku ano mumangopukusa chitsulo madzi n'kutuluka, ndipo simudziwa kuti pansi pa nthaka pali mdima wozizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala, koma ine ndakhalamo zaka zambiri, kuyambira kuno ku Dowa mpaka kumapiri a Ntchisi, ndipo mpaka lero ndikasuzumira m'dzenje lakuya ndimabwerera m'mbuyo msanga. Sokani fodyayo uku mukumva, manja asaime.

Kwathu amuna tinabadwa awiri, ine ndi mng'ono wanga Damiano. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, osati chifukwa chouma mutu ayi, masamu ndinkamuposa kutali, koma amalume anati mmodzi atsale aziweta ng'ombe, ndipo chala chawo chinaloza ine chifukwa ndinali ndi mapewa. Damiano anapita kusukulu ya mishoni, kenako anapeza mpando mu ofesi ku Boma la Ntchisi, nsapato zakuda, wotchi pamkono, anthu n'kumamuvulira chipewa. Ine piki ndi mgwala, chitsulo chija choswera miyala. Ndinkanena poyera, ngakhale potuluka m'tchalitchi, kuti Mulungu ali ndi ana ake enieni ndi ana owapeza, ndipo ine ndine wopeza. Mwayi, m'maso mwanga, unali chinthu chimodzi basi: kukhala pamthunzi anzako akutuluka thukuta.

Tsono mumve mmene ntchito yathu inkayendera, chifukwa mukapanda kumva apa simumva nkhani yonse. Ukakumba n'kukafika pathanthwe, piki imangodumpha. Ndiye tinkaunjika nkhuni ndi zitsononkho pansipo, n'kuyatsa moto tsiku lathunthu, kenako n'kuthirapo madzi kuti mwalawo ung'aluke. Koma moto ukazima sulowamo. Umadikira masiku awiri, ukumatsitsa nthambi yamasamba pachingwe n'kumaikweza, kuitsitsa n'kuikweza, kuti mpweya woipa utuluke. Pomaliza umayatsa koloboyi, kanyali kathu ka parafini kaja, n'kukatsitsa pang'onopang'ono. Kakafika pansi kakuyakabe, lowa. Kakazima panjira, pita ukagone. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankati tsoka silinunkha, ndipo mpweya wa m'chitsime ndi chimodzimodzi: suoneka, sumveka fungo, umangokugoneka ngati mwana.

Chaka china amayi athu anali atakalamba, ndipo kumudzi kwawo, kufupi ndi Malomo, madzi ankatunga kumtsinje kumunsi kwa phiri, chitunda chake chothyola msana. Damiano ananditumizira uthenga kudzera mwa munthu, ngati akuitana waganyu, kuti ndikawakumbire chitsime pakhomo. Ndinapita chifukwa cha amayi, osati chifukwa cha iye. Ndinatengana ndi mkazi wanga, Nachisale, amene ankandikokera ndowa ya dothi pachitsime chilichonse chimene ndinakumbapo. Tinakumba masabata atatu, mpaka tinafika pathanthwe lonyowa, ndipo ndinadziwa kuti madzi ali kuseri kwakeko. Lachisanu tinayatsa moto. Loweruka masana, phulusa lisanazizire n'komwe, Damiano anatulukira.

Anaima m'mphepete mwa dzenje, manja m'thumba, amayi ndi alongo athu atakhala pakhonde.

"Achimwene, madziwa tiwaona liti? Ine mawa ndikubwerera kuntchito."

"Chitsime chikupola," ndinatero. "Mkuja."

"Kupola? Ndi phala kodi?" Anaseka, alongo athu n'kusekanso. "Ku Boma kuli anyamata a makina, tsiku limodzi ntchito yatha. Mwina ndikanangoitana amenewo, inu mupume."

Ana inu, mawu amenewo anali ochepa, koma anagwera pachilonda cha zaka makumi atatu. Ndinangovula malaya n'kutola mgwala.

Nachisale anandiima kutsogolo. "Bambo a Rozina, nyali."

"Nyali ya chiyani dzuwa lili pamutu?"

"Nthambi sitinatsitse n'kamodzi komwe. Yambani mwatsitsa nyali."

"Choka apa."

Sanachoke. Anandigwira lamba, n'kuyamba kundizunguliza chingwe pachifuwa, kunsi kwa m'khwapa, monga ankachitira nthawi zonse, ndi mfundo yake ija yomangira mbuzi. Chingwe chimenecho ndinkadana nacho, chifukwa amuna anzanga okumba ankatsika opanda kanthu, n'kumandiseka kuti mkazi amandimangirira.

"Ndine mbuzi kodi?" ndinamukalipira.

"Mbuzi imamva," iye anatero. "Imani bwino ndimange."

Akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndinatsika. Tinkasema timaenje m'makoma moponda, ndipo ndinkatsika mwendo uku mwendo uko, makoma akutenthabe ngati ng'anjo ya njerwa. Ndikayang'ana kumwamba, pakamwa pa chitsime pankachepa, pankachepa, mpaka panatsala ngati mbale yodyera. Mapazi anafika paphulusa lofunda. Ndinakweza mgwala, ndinamenya kamodzi, kachiwiri, kachitatu thanthwe linang'aluka, ndipo ndinaona madzi akuda akutuluka mumng'alumo n'kumanyowetsa phulusa. Ndinati ndifuule kuti bwana wa ku Boma abwere adzaone ntchito ya Sitandade 5.

Mawu sanatuluke.

Ndinapuma mwamphamvu, koma kunali ngati ndikupumira m'thumba la feteleza. Chifuwa chikukwera, chikutsika, koma mulibe kanthu. M'mutu munayamba kugunda, miyendo inalobodoka ngati chiguduli chonyowa, mgwala unandipulumuka wokha. Pamenepo ndinadziwa chimene ndachita. Ndinagwira khoma, ndinakwera kamodzi, kachiwiri, pachitatu phazi linaphonya ndipo ndinagwa chokhala m'madzi muja. Tsono chimene chimandiopsa mpaka lero si kuwawa ayi, chifukwa kunalibe kuwawa. Chinali tulo. Tulo tokoma, tofewa, tondinyengerera kuti tsamira khomali pang'ono, Fabiano, watopa, ukwera bwino ukapuma. Imfa ya m'chitsime sibwera ndi mano, ana inu, imabwera ngati bulangete. Ndinayesa kupemphera Atate Athu, koma mawu anandithawa pakati, ndipo chimene chinatsala m'mutu chinali chimodzi: kuti mawu anga omaliza kwa munthu pa dziko lapansi adzakhala aja omukalipira Nachisale. Kumwamba kuja ndinaona timitu tating'ono takuda, kenako sindinaonenso kanthu.

Za kumtunda anandiuza ndi amayi. Nachisale anali ndi chizolowezi chimene chinkandinyansa kwambiri. Ndikakhala pansi, iye sankacheza ndi munthu, ankangotchera khutu kulira kwa mgwala, ndipo ukangoti zii pang'ono, ankaweramira m'dzenje n'kufuula, "Muli moyo?" Tsiku lililonse, kakhumi kapena kupitirira, zaka zonsezo. Ndipo ine ndinkayankha, "Ndikugwira ntchito, usandisokose!" Tsiku limenelo anafuula, kunali chete. Anafuulanso, chete. Sanadikire kachitatu.

Damiano, akuti, anatuwa nkhope n'kuyamba kuvula nsapato kuti atsike. Nachisale anamukankha pachifuwa, mlamu wake, munthu wa ofesi, mpaka anagwa chagada padothi.

"Mukufuna tiike maliro awiri? Gwirani chingwe, alamu! Kokani!"

Anaponya chingwe pamtanda umene tinkakokerapo ndowa, ndipo anakoka iye, Damiano, alongo athu awiri, ngakhale amayi ndi msana wawo uja anagwira kunsonga. Ine ndinali munthu wolemera, ndipo thupi la munthu wokomoka limalemera kawiri. Akuti ndinakodwa panjira, phewa litalowa m'kadzenje koponda, ndipo chingwe chinayamba kuwapulumuka, koma Damiano anachikulunga m'manja n'kudzigwetsa chambuyo, Nachisale akumutukwana mawu amene sindingawabwereze pamaso panu.

Ndinatsitsimuka ndili chafufumimba pansi pa mtengo wa mango, ndikusanza. Msana wonse unali wosupuka, m'khwapa mukutuluka magazi, mutu ngati aung'amba ndi nkhwangwa. Koma mpweya, ana inu! Unkanunkha ndowe za mbuzi ndi utsi wa kukhitchini, ndipo sindinalawepo chinthu chokoma ngati umenewo. Ndinaukoka, ndinaukokanso, ndikulira ngati khanda, ndipo ndinachita mantha ena atsopano poganiza kuti chinthu chimenechi ndakhala ndikuchilandira ulere chibadwire, usana ndi usiku, ine ndili kalikiliki kuwerenga nsapato za mng'ono wanga.

Damiano anali atakhala m'matope, thalauzi la ofesi litang'ambika, zikhatho zili psuu, khungu litachoka.

"Achimwene, ine ndimangocheza," anatero.

"Manja a pepala," ndinamuyankha. Ndi zokhazo zimene ndinakwanitsa, ndipo iye anaseka uku akulira.

Nachisale anangonyamuka. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi koloboyi, anakayatsa dzuwa likuswa mtengo, n'kukamangirira kuchingwe chomwe chija. Tonse tinayang'ana. Kanatsika kakuyaka, kanatsika, ndipo kasanafike n'pakati pomwe lawi linachepa, linafiira, n'kuzima. Anakakweza, anakaika pambali pa mutu wanga, n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko tinamumva akulira yekha.

Musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Nkhani ya sukulu imandiwawabe, ndipo amalume aja, ngakhale anagona kalekale, ndikadzakumana nawo ndidzawafunsa. Amati chibale ndi fupa sichiola, chabwino, koma fupa limabayanso. Chimene chinasintha n'chakuti ndinasiya kunena kuti ndine mwana wopeza. Munthu amene Mulungu wamutaya samupatsa womangirira chingwe pachifuwa uku akumutukwana. Ansembe amati chisomo, kulandira chinthu chimene sunachigwirire ntchito, ndipo ine mawu amenewo ndinkawamva Lamulungu lililonse ngati mvula ya padenga la eni. Ndinkayesa kuti chisomo chimabwera pagalimoto. Sindinkadziwa kuti changa chinkavala chitenje chong'ambika, chinkandiphikira nkhwani, chinkaima padzuwa tsiku lonse khutu lili kudzenje. Mpando wa mu ofesi amakupatsa ndi anthu ndipo amakulandanso ndi anthu, Damiano yemweyo anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi kudzalima mtedza ngati ife tonse. Koma kukhala ndi munthu amene amadziwa kulira kwa mgwala wako, amene ukangokhala chete mtima wake umaima, mwayi umenewo ngakhale mabwana ambiri amafa osauona.

Lero inu mumakhala pa foni, kuyang'ana anzanu amene anapita ku Joni, mmene avalira, zimene akudya, n'kumadzitcha atsoka. Ndikukuonani, ndipo ndimachita mantha, chifukwa nkhope zanu ndi yanga ya tsiku lija ndikuvula malaya. Nsanje ndi mpweya wa m'chitsime, sumva kuti ukukupha.

Chitsime chija chilipo, anthu akumwabe. Nachisale ndiye kulibe, mvula ino ndi yachitatu chimuikireni. Ndipo ndikuuzani chinthu chimene sindinauzepo ngakhale ansembe. Ndinakhala naye zaka zina zambiri chichitikireni zimenezo, ndinamugulira nsalu, ndinasiya kumukalipira akamandimanga chingwe, koma mawu akuti zikomo sanatuluke m'kamwa mwanga. Ndinkati ndidzanena mawa, ndinkati akudziwa kale, ndinkati mwamuna sanena zotero. Tsiku limene anadwala mwakayakaya ndinali kumunda, ndipo pofika kunyumba anali atasiya kumva. Ndinaweramira pamphasa n'kumufunsa funso lake lomwe lija, ndipo sanayankhe.

Choncho ana anga, sindikuti musafune zabwino. Pitani kusukulu, pitani kutali, kapezeni zimene ine anandimana. Koma pakhomo panu pali munthu amene amakusokosani, wokufunsani ngati mwadya, ngati mwafika bwino, wokuuzani kuti mutenge jekete kuli mphepo. Musadikire kuti akukokeni m'dzenje kuti mumuone. Mukamaliza fodyayu, pitani, akakuitanani muyankhe bwino, ndipo mawu aja muwanene lero, makutu ake akadamva.